Safunsa anadya phula: masiku asanu ku Salima

Lachinayi

Tafika. Ndikulemba ndili pakhonde pa azakhali anga kuno ku Salima, mapazi ali m'beseni la madzi, thukuta likuyenderera kumsana chikhalirecho nthawi yapitirira 9 koloko usiku. Inu amene mukudandaula kuti ku Lilongwe Okutobala watentha, bwerani kuno mudzapepese.

Tanyamuka masana anthu 9 pa galimoto ziwiri. Msewu wa M14 si wautali, makilomita pafupifupi 100 okha, koma umakuchotsa pamtunda wa mamita opitirira 1,000 pamene pali Lilongwe n'kukakutula pansi pa mamita osakwana 500 pamene yagona nyanja. Mukadutsa Chezi ndi Mvera makutu amayamba kutseka, kenako kamphepo kolowera pazenera kamasanduka mpweya wa mu uvuni. Pamtsetse wina mlamu wanga anati, "Taimani apa ndivale, mukandipeza kumunsi." Achemwali anga, eni ake mwamunayo, anangomuyang'ana kamodzi. Nkhani inathera pompo.

Azakhali ataona zikwama zikutsitsidwa anafunsa kuti tanyamula chiyani.

"Ma skate, azakhali."

"Masiketi? Mwayamba geni? Nanga abambowa nawonso akugulitsa masiketi?"

Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Nditatulutsa imodzi, anaitembenuzatembenuza ngati akusankha chambo padoko. Ndi nsapato yolimba ngati jombo ya msilikali, pansi pake pali matayala anayi ondondozana pamzere umodzi, lililonse la mamilimita 80, ndipo kuchidendene cha yakumanja kuli kachidutswa ka labala komwe ndi buleki. Anapukusa tayala limodzi ndi chala n'kulimvetsera likulira mpaka linaima lokha. "Nsapato zamatayala," anatero, ndipo dzinalo lakhazikika. Zanga ndinazitola pa kaunjika zitasakanikirana ndi nsapato zampira, wogulitsayo asakudziwa n'komwe mtengo woti atchule.

Watibweretsa kuno ndi mkulu wa gulu lathu, amene timangomuitana kuti Kochi. Chaka chathunthu wakhala akutionetsa mavidiyo a ku Paris, kumene Lachisanu usiku anthu amasonkhana n'kuzungulira mzinda pa matayala. Ulendowo amautcha Pari Roller, unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo nyengo yotentha anthu amafika masauzande, apolisi akutseka misewu kutsogolo kwawo. Ku Amsterdam amachita zomwezo chiyambire 1997, kunyamukira pa paki ya Vondelpark. Ku London chimodzimodzi. Ifeyo timangozungulira pamalo oimika galimoto Lamulungu masana masitolo akatseka, ngati mbuzi yapachingwe. Misewu ya Lilongwe usiku timaiopa, ndipo sitilakwa kuiopa. Ndiye Kochi anayang'ana pamapu n'kuloza Salima: dera lathyathyathya, galimoto zochepa, ndipo kuchoka m'tauni kukafika ku Senga Bay ndi phula lokhalokha makilomita pafupifupi 20. Mawa ndi Lachisanu. Paris wathu ayambira pano.

Pachakudya chamadzulo, mpunga ndi usipa wofutsa, tinawafotokozera azakhali pulani yonse. Anamvetsera osadula mawu. Titamaliza anafunsa chinthu chimodzi.

"Mwauza ndani?"

"Kuuza chiyani, azakhali? Msewu si wa boma?"

Anati "Ooo," n'kuyamba kusonkhanitsa mbale.

Lachisanu

Lero sindimafuna kulemba, koma ndinalonjeza.

M'mawa tinauyendera msewu pa galimoto, mawindo ali chitsekere, Kochi akulemba m'kabuku. Tonse tinagwirizana kuti msewu uli bwino. Pano ndadziwa kuti munthu wapagalimoto msewu saudziwa. Tayala la galimoto limameza zonse, iwe n'kumangomva nyimbo za pawailesi.

Dzuwa kuno likulowa 6 koloko isanakwane. Cha m'ma 6:30 tinavala zipewa, zoteteza mawondo, zigongono ndi zikhatho, matochi apamphumi ndi timagetsi tofiira kumsana. Tinkaoneka ngati anthu opita kumgodi. Chimene palibe anachiganizira ndi mwezi: tabwera mumdima weniweni, kumwamba kulibe ngakhale kachibenthu. Titangoyenda pang'ono magetsi nawo anathima. Tauni yonse bii, kutsala nyali za pa ziwaya za tchipisi ndi mafoni a anthu.

Aliyense wodziwa Salima amadziwa kuti ndi tauni ya njinga. Kabaza kuno ndiye minibasi, ndiye lole, nthawi zina ndiye ambulansi. Ndipo ola limene tinasankhalo ndi limene msewu umadzaza: oweruka kumsika, ochokera kumzikiti, matumba a makala omangidwa chopingasa, ana atakhala awiriawiri pakaliyala. Njinga zambiri zilibe nyali, zimayendera belu ndi kuloweza. Ife tinalowa pakati pawo ndi matochi athu, ndipo aliyense amene tinamuyang'ana tinamuthobwa m'maso. Tochi yapamphumi ili ndi khalidwe loipa, imathamangira kumene kwapita chidwi chako, ndipo chidwi chimathamangira pankhope ya munthu. Mabelu anayamba kulira mokwiya. Mawu ena amene tinaponyeredwa sindiwalemba pano.

Kenako mchenga. Kunyanja kuno mchenga sukhala kugombe kokha, umakwawira m'mphepete mwa phula ndipo pena umadutsa msewu wonse. Tayala la njinga ndi lalikulu, limangoudula n'kupita. La mamilimita 80 limaima nji, thupi lokha n'kupitirira ulendo. Mlamu wanga ndi amene anali kutsogolo, monga mwa masiku onse. Anapatukira kumphepete kulewa njinga imene inanyamula mayi wina ndi beseni la tomato, anaponda mchenga, ndipo ine ndinangoona katochi kakuuluka. Anagwa chafufumimba n'kukwekweza chibwano paphula. Wakabaza uja pofuna kuti asamuponde anapendama, tomato mbwee mumsewu.

Mwayi wake m'gulu mwathu muli namwino. Anamuunika, anamupinda zala ndi mikono, palibe chothyoka. Mapulasitiki oteteza zikhatho anaperepeseka mpaka kuyera, ndipo ndi amene anapulumutsa manja. Chibwano ndi mlomo wam'munsi ndiye zinalipira.

Anthu anatizinga. Bambo wina wachikulire, atatsamira njinga yake, anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa modekha kuti, "Kodi alendo inu, munafunsa ndani?" Tonse zii. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Safunsa anadya phula!" Phokoso la kuseka linamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Mwambi umenewu ndinauphunzira ku pulayimale, ndipo phula lake ndi la njuchi. Sindinkadziwa kuti ndidzauona ukukwaniritsidwa ndi phula lapamsewu, lili pamlomo pa mlamu wanga. Naye anayamba kuseka, magazi ali chuchuchu.

Tinatola tomato amene anapulumuka, ophwanyika tinalipira. Ndinapita kwa mayi uja n'kunena kuti, "Pepani amayi, olakwa ndife." Ndinafuna kunyonyomala mwaulemu koma ndi matayala kumapazi ndinatsala pang'ono kuwagwera. Anandigwira paphewa kuti ndiime bwino. "Ana inu," anatero, "misinkhu yonseyi, zidole?"

Tinabwerera pansi ndi masokosi, nsapato zili m'manja. Kilomita imodzi sinakwane.

Usiku uno Kochi wayesa kutitonthoza ndi mbiri. Akuti mmodzi mwa anthu oyamba kuvala nsapato zamatayala, John Joseph Merlin wa ku Belgium, analowa nazo paphwando ku London m'zaka za m'ma 1700 akuimba vayolini, ndipo poti analibe njira yoimira anakadziwomba pagalasi lalikulu n'kuliphwanya. Palibe waseka. Azakhali ali kuchipinda, ndikuwamva akulankhula pafoni ndi munthu wina motsitsa mawu.

Loweruka

Ndikulemba 1 koloko ya usiku ndipo tulo palibe, choncho pirirani, lero nditalikitsa.

Azakhali anandidzutsa kusanache. "Vala chitenje. Muitanenso mphunzitsi wanuyo." Tinayenda mpaka pasiteji ya kabaza, pansi pa mtengo pamene anyamata anali kupukuta njinga ndi kumanga makhushoni. Tcheya wa pasitejipo, mwadziwa kale, ndi bambo wachikulire wa dzulo uja.

"Atcheya," anayamba azakhali, "ana angawa anakulakwirani dzulo. Ndabwera nawo."

Sanatikalipire. Anapempha kuti aione nsapatoyo, naiyeza kulemera m'dzanja. "Akulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero, "koma inu kalumo kanu mwayamba n'kudzicheka nako." Kenako anayamba mafunso, ndipo anali mafunso a munthu amene wakhala pamsewu moyo wake wonse. Mumaima bwanji? Mukakhala pa liwiro, kuchoka pamene mwaona chinthu kufika pamene mwaima pamakhala mapazi angati? Mumatha kucheuka mukuyenda? Mukatopa pakati panjira mumatani?

Kochi anavala n'kuwaonetsa njira ziwiri: kutsogoza phazi lamanja n'kutukula zala kuti labala lakuchidendene likhule pansi, ndi kukoka phazi limodzi kumbuyo chopingasa kuti matayala akwekwezeke. Atcheya anayeza mtundawo ndi mapazi awo, kuwerenga mokweza. Atamaliza anatembenukira kwa anyamata awo. "Mwamva? Awa muziwatenga ngati njinga ya buleki imodzi yonyamula mazira."

Malamulo awo anali ochepa. Osanyamuka 6:30, koma 8 koloko, msika utatha ndiponso mapemphero omaliza a kumzikiti atatuluka. Za makilomita 20 tiiwale, atisankhira okha chigawo chimene akuchikhulupirira. Matochi aloze pansi, kutsogolo kwa mapazi. Ndipo masana omwewo mmodzi wa ife akwere njinga akauone msewu bwinobwino. Anasankha ine, kaya n'chifukwa cha chitenje.

Amene ananditenga ndi mnyamata uja anakuwa mwambi dzulo. Anandiuza yekha, akuseka, tisanafike n'patali pomwe. Kwa maola awiri ndinakhala pakhushoni yake, kabuku ka Kochi kali pabondo, iye akuwerenga msewu ngati munthu wowerenga kalata yochokera kwawo.

"Apa asisi pali chigamba chokwera, usiku sichioneka. Apa mchenga umatsika kuchokera kunjira iyo, mudzayende pakati. Apa pali agalu awiri, wakudayo amangouwa koma wofiirayo amathamangitsa. Apa pali bala, oledzera amatuluka chammbali osayang'ana."

Pena ankaima kuti nditsike ndipapase phula ndi dzanja. Ndinali ndisanadziwe kuti msewu umodzi umakhala ndi zikopa zingapo. Pali phula losalala limene matayala amangoti see, ndipo pali lina la timiyala tothiridwa pamwamba, limene limanjenjemeretsa mapazi mpaka mano. Dzulo pagalimoto zonsezi zinali "msewu uli bwino". Mahampu ena ndi otambalala, umangopinda mawondo n'kukwera nawo. Ena ndi timizere tating'ono totsatizana, ndipo amenewo uyenera kutsogoza phazi limodzi, kulemera kuli kumbuyo. Tinabwerera masamba anayi atadzaza.

Pobwera ndinapeza anzanga atazungulira wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Mchenga wa dzulo unali utalowa m'maberingi, matayala akulira ngati mphero. Tayala lililonse lili ndi maberingi awiri, ndiye kuti 16 pa munthu mmodzi, ndipo tilipo 9. Bamboyo anali asanagwirepo nsapato yotere, koma atangotulutsa beringi imodzi n'kuwerenga nambala yake, 608, anagwedeza mutu ngati wakumana ndi mnansi. Anatsegula zivindikiro ndi nsonga ya singano, anaviika onse m'chitini cha palafini n'kukhutchumula, palafini n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anawayanika panyuzipepala. Kochi anatulutsa kabotolo kake ka mafuta odula ochokera kunja. Bamboyo anakanunkhiza, anakabweza, natenga mafuta a makina osokera, kadontho kamodzi pa beringi iliyonse. Girisi anakana, akuti amaitana mchenga. Ataika tayala pachala n'kulipukusa, linazungulira mpaka tinatopa kuliyang'ana.

Tinadutsanso kupolisi limodzi ndi atcheya kukanena za ulendowu. Anatimvetsera, natilangiza kuti tivale zowala ndipo tisadzaze msewu wonse. Za malipiro tinagwirizana kuti aliyense wotiperekeza alandire ngati wanyamula makasitomala a maola awiri. Mlamu wanga anayamba kunenerera, azakhali anatsokomola, iye anasiya.

Itakwana 8 koloko tinakumana pasiteji. Magetsi analipo lero, koma atcheya anati tisawadalire. Anatifola okha. Kutsogolo njinga zamoto ziwiri, nyali zikusesa msewu. Pambuyo pake mnyamata wanga uja pa njinga yakapalasa, ndiye mlozanjira. Kenako ife pamzere umodzi, odziwa kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, ofooka pakati. Kudzanja lamanja, mbali ya galimoto, njinga zinayi motalikirana ngati mpanda woyenda. Kumapeto achemwali anga pa galimoto, mahazadi akuphethira, m'kati muli madzi, mabandeji ndi mwamuna wawo wa pulasitala pachibwano, amene namwino anamuletsa kuvala. Atcheya anatenga wezulo. Ikalira kamodzi, galimoto ikubwera kumbuyo, tifinyikire kumanzere. Ikalira kawiri ndi lole, tonse tiime.

Mamita oyamba ndinkayenda ngati nkhuku yonyowa. Dzulo linali lidakali m'mawondo. Kenako kutsogolo kunamveka mawu: "Mchenga kumanzere!" Woyamba pamzere anabwereza, wachiwiri anabwereza, mawuwo anandifika, ndinawaponyera wakumbuyo, ndipo mchengawo ndinaudutsa ndisanauone n'komwe. "Hampu!" "Chigamba!" "Galu wofiira!" Liwu lililonse linkayenda pamzere ngati chidebe chamadzi popatsirana pozimitsa moto. Penapake, sindikudziwa kuti ndi pati, ndinasiya kuyang'ana mapazi anga.

Pamene tinagwera dzulo panali anthu akutidikira. Nkhani inali itawanda. Ana anatithamangira m'mbali opanda nsapato, akukuwa kuti "Zamatayala! Zamatayala!" mpaka mpweya unawathera. Mayi wa tomato uja analinso pompo ndi anzake. "Wanga uja ali kuti?" anafuula. Mlamu anatulutsa mutu pazenera n'kuwaonetsa pulasitala, ndipo nthungululu zinamveka.

Titatuluka m'tauni nyumba zinayamba kutalikirana, phokoso linatsalira kumbuyo. Apa ndi pamene ndikulephera kulemba bwino. Matayala a anthu asanu ndi awiri paphula losalala amalira ngati mvula imene ikubwera kutali isanafike padenga. Mapazi athu anagwirizana okha popanda wowerenga, kumanja, kumanzere, manja kumsana, aliyense atabisala kumphepo kumbuyo kwa mnzake. M'mbali matcheni a njinga ankati tche tche tche. Mdima uja tinautukwana dzulo ndi umene unatipatsa nyenyezi zonse, ndipo milambe inkatulukira mmodzimmodzi ngati akuluakulu oimirira kuonerera gule. Kutentha kwa masana kunali kukutuluka m'phula n'kumatiomba m'miyendo, pamene kumaso kunkabwera kamphepo kakunyanja.

Wezulo inalira kawiri maulendo atatu. Tinkaima m'mphepete titagwirana mapewa, lole n'kudutsa ndi fumbi lake, dalaivala atatulutsa khosi kudabwa.

Pobwerera msana unandigwira. Amene sanavalepo amaganiza kuti zimapweteka miyendo, koma chimayamba kulira ndi m'chiuno, chifukwa umayenda chowerama nthawi yonse. Ndinayamba kutsalira, mpata pakati pa ine ndi wakutsogolo ukukula. Njinga ina inafika pambali panga.

"Gwirani kaliyala, asisi."

"Ayi, ndikwanitsa."

"Gwirani. Matumba atatu a chimanga ndimakoka, nanga inu?"

Ndinagwira. Anandikoka mwina kilomita yathunthu, ine nditangoimika mapazi, ndipo sindichita manyazi kunena kuti chigawo chimenecho ndi chimene ndinakondwa nacho koposa.

Foni ya Kochi ikuti tayenda makilomita 14, kupita ndi kubwera. Palibe wagwa. Pasiteji tinagula tchipisi ndi zakumwa za onse, ndipo anyamata anayamba kukangana za amene anaona dzenje loyamba. Kochi anakhala phee nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti mavidiyo a ku Paris aja amawaonera kuyambira pakati. Kutsogolo ndi m'mbali mwa chikhamu chija mumakhala anthu odzipereka amene amathamangira kukatseka mphambano iliyonse gulu lisanafike, ndipo njira yake imakhala itakonzedwa ndi kudziwitsidwa kwa akuluakulu a mzinda pasadakhale. Ankazidziwa zonsezi. Anangoganiza kuti kuno n'kwathu, sizifunika.

Lamulungu

Kudzuka kunali nkhondo. Kutchalitchi ndinapita, koma pogwada ndinachita kugwira benchi ndi manja awiri, ndipo azakhali anandiyang'ana ndi diso la "ndinanena".

Masana tinapita ku Senga Bay, pa galimoto ndithu, kudutsa ogulitsa ziboliboli a m'mphepete mwa msewu. Tinatenga mnyamata wathu uja, poti Lamulungu sapalasa. Chigawo cha msewu chimene atcheya anatiletsa ndinachiyang'ana ndi maso atsopano, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Tinasamba m'nyanja, chilumba cha Namalenje chili poteropo, madzi ofunda ngati a m'bafa. Mlamu wanga analowa mpaka m'khosi, chibwano atachitukula m'mwamba ngati ng'azi.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali, ndi msodzi kumeneko. Nditamudandaulira kuti tinabwera mwezi kulibe, anaseka. "Inu mumadana ndi mdima? Ife ndi umene timadya." Usipa amaugwira usiku ndi nyali, usodzi umene amautcha kauni, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu, usipa subwera. Anandifotokozera mmene zimayendera. Pamakhala munthu mmodzi m'bwato laling'ono ndi nyali, ameneyo ndi siginala. Amakhala phee mpaka usipa utasonkhana pansi pa kuwala, kenako amapalasa pang'onopang'ono kuutsogolera kumene anzake atchera khoka lotchedwa chilimira. Akapupuluma, usipa umabalalika. Akalakwitsa nthawi yoitana, anthu onse akoka khoka lopanda kanthu. Kale nyali zake zinali zopopa za palafini, masiku ano ambiri ali ndi mababu a batire.

Tinadikira mpaka kunada kuti tione. Maboti anatuluka limodzilimodzi, ndipo pofika 8 koloko panyanja panali mzere wa nyali kuchokera uku mpaka uko, ngati kutsidya kwamera tauni. Mnyamata wa kabaza anandigunda ndi chigongono. "Dzulo ndinali siginala ine," anatero. "Usipa wake munali inu."

Chinthu china chinachitika dzuwa lisanalowe. Pamalo pamene tinaimika galimoto panali simenti yosalala, ndipo mnyamatayo anapempha kuti ayese nsapato za mlamu, poti mwini wake ali pa tchuthi chokakamizidwa. Kochi anamumanga zoteteza zonse, anamuuza zopinda mawondo ndi zogwera kutsogolo osati chagada. Anagwa kawiri. Kachitatu anayenda. Pasanathe ola anali akukhota, akuima ndi chidendene, akuyesa kubwerera chammbuyo, zimene ine zinanditengera miyezi inayi. Kochi anayamba kumuuza za abale awiri a ku Minnesota ku America, a banja la Olson, amene cha m'ma 1980 anakonzanso nsapato zimenezi kuti osewera hockey, masewera a pamadzi oundana, azichitira masewera olimbitsa thupi nyengo imene kulibe madzi oundana, mpaka kubadwa kwa kampani ya Rollerblade. Mnyamatayo sankamva n'komwe. Anali akuwerama kuyang'ana matayala, kenako anafunsa ngati alipo aakulu kuposa awa. Alipo, a mamilimita 110 ngakhale 125, atatu pa nsapato. "Amenewo ndiye a kuno," anatero. "Awa ndi a m'tauni mwanu."

Lolemba

Tanyamuka m'mawa kuthawa dzuwa. Tinaima pasiteji kukatsanzika. Atcheya anali atatuluka ndi kasitomala, tinawadikira, ndipo atafika anatigwira chanza mmodzimmodzi. Kwa mlamu anati, "Achimwene, phula lathu mwalilawa, mukanene kwanu kuti ndi lotani." Anatiuza kuti tikadzabweranso tidzayambe taona mwezi, ndipo tidzawaimbire kudakali sabata kuti adzasese okha mchenga wa pamphambano ija. Ndinawauza kuti msuweni wanga akuti tikadzabwera mwezi ukuwala tisadzayembekezere usipa. Anati zimenezo tikakambirane pachibale.

Azakhali atipakulira usipa wouma wodzaza jumbo ndi mango oyamba. Nsapato zanga anazikulunga okha m'chitenje chakale kuti zisadetse mpunga. Panopa tadutsa Mvera, makutu atsekanso, ndipo m'galimoto monse mukununkha usipa ndi palafini. Foni yangolira kumene. Ndi mnyamata uja, akuti ndikamadutsa pa kaunjika ndiziyang'anako, amavala 8, koma 9 nayonso alowa ndi masokosi awiri.